Mlomo wa Mbalame ndi Nsabwe: Zomwe Alimi a Nkhunda ndi Nkhuku Angaphunzire ku Kafukufuku

Ngati mumaweta nkhunda kapena nkhuku, mwaziwonapo zikulowetsa mlomo m'nthenga ndi kumazikoka imodziimodzi, makamaka zikakhuta. Ambiri timangoti zikudzikongoletsa, koma apo zimakhala zikupha nsabwe. Katswiri wina wa sayansi ya zamoyo, Dale Clayton wa pa yunivesite ya Utah ku America, wakhala akufufuza za nkhunda ndi nsabwe zake kwa zaka zoposa 30. Zomwe iye ndi anzake anapeza zikusonyeza kuti chitetezo choyamba cha mbalame ku nsabwe ndi mlomo wake, ndipo ntchito yanu ngati mlimi ndi kuonetsetsa kuti chitetezocho chisaonongeke.

Nsabwe zimaononga chiyani?

Nsabwe za m'nthenga za nkhunda sizimwa magazi ngati nsabwe za anthu. Zimadya nthenga, makamaka zofewa za pafupi ndi khungu zomwe zimasunga kutentha. Kunja nkhunda imaoneka bwinobwino, pomwe mkati chofunda chake chatha.

Kafukufuku wa 1993 anasonyeza kuti nkhunda zokhala ndi nsabwe zambiri zimataya kutentha msanga, choncho thupi limagwiritsa ntchito mphamvu zochuluka kuti lifunde. Kwa inu, izi zikutanthauza kuti gawo la chimanga, mapira kapena madeya omwe mwathira likungothera kufunditsa mbalame m'malo moinenepetsa. Clayton anapezanso kuti nkhunda zazimuna za nsabwe zambiri sizivinira zazikazi nthawi yaitali, ndipo zazikazi zimakonda kusankha zazimuna zopanda nsabwe.

Kachidutswa kakang'ono ka pamlomo

Gwirani nkhunda muiyang'ane mlomo cham'mbali. Muona kuti mlomo wam'mwamba umapitirira pang'ono wam'munsi, ndi milimita imodzi kapena iwiri. Mu 2005, Clayton ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza atadula kachidutswa kameneka pa nkhunda zina. Nkhundazo zinkatola chakudya monga kale, koma nsabwe zinachuluka kwambiri ndipo nthenga zinaonongeka. Atasiya mlomo kuti umerenso, nsabwe zinachepa.

Chifukwa chake n'chakuti nkhunda ikamakonza nthenga, mlomo wam'munsi umasunthira kutsogolo n'kukhulana ndi kachidutswa kam'mwamba, ndipo nsabwe imene ili pakati imaphwanyika. Popanda kachidutswako, nsabwe imapulumuka chifukwa thupi lake ndi lafulati komanso lolimba.

Nkhuku nazo n'chimodzimodzi. Ofufuza ena a pa yunivesite ya California ku Riverside anapeza kuti nkhuku zoikira mazira zodulidwa milomo zimakhala ndi nsabwe ndi tizilombo tina tapakhungu tambiri kuposa za milomo yathunthu.

Gulu la Clayton linaonanso kuti nkhunda zomwe zimakonzana nthenga, monga imachitira yaimuna ndi yaikazi yake, zimakhala ndi nsabwe zochepa. Kukonzanaku kumathandiza kwambiri kumutu ndi m'khosi, komwe mbalame singadzifikire yokha ndi mlomo.

Nsabwe nazo zimasintha

Nkhunda ikamapha nsabwe zomwe ikuziona, zimatsala zomwe zabisala bwino, ndipo ndi zomwezo zimaswana. Sarah Bush, Clayton ndi anzawo anayesa izi poika nsabwe za mtundu umodzi pa nkhunda zoyera, zakuda ndi zotuwa. Patatha zaka 4, yomwe ndi mibadwo ya nsabwe pafupifupi 60, nsabwe za pa nkhunda zoyera zinayererako ndipo za pa nkhunda zakuda zinaderako. Pa nkhunda zomwe anaziika kachipangizo kolepheretsa mlomo kutsekeka bwino, nsabwe sizinasinthe mtundu. Zotsatirazi zinafalitsidwa mu 2019.

Phunziro lake ndi lalikulu. Chilichonse chomwe chimapha tizilombo tambiri n'kusiya tochepa, chimasiya tomwe tili tolimba. Mankhwala nawonso amachita zomwezi. Mukathira mankhwala osakwanira muyeso, kapena mukagwiritsa ntchito mtundu umodzi chaka ndi chaka, mumakhala mukusankha tizilombo tosamva mankhwala kuti tichulukane m'khola mwanu.

Momwe nsabwe zimafalira

Nsabwe zilibe mapiko. Zimafala mbalame zikakhudzana, monga kholo likamafungatira maunda kapena anapiye. Koma ofufuzawa anaonetsanso kuti nsabwe zina za nkhunda zimakakamira pa ntchentche yafulati yomwe imathamanga m'nthenga ndi kumwa magazi a nkhunda, ndipo ntchentcheyo ikauluka imapita nazo kwa mbalame ina. Ntchentche imeneyi imafalitsanso kachilombo ka m'magazi a nkhunda kofanana ndi ka malungo, ndipo ana ake amakhwimira m'zinyalala za m'chisa. Khola losasesedwa ndiye malo ake oswanirana.

Kafukufuku wina wa gululi, wa 2002, anapeza kuti mbalame za kumadera achinyezi zimakhala ndi nsabwe zambiri kuposa za kumadera ouma. Choncho khalani tcheru kwambiri nthawi ya dzinja komanso ngati khola lanu limadontha.

Phunziro la ku Galápagos

Pa zilumba za Galápagos m'dziko la Ecuador pali timbalame tofanana ndi mpheta, tomwe tinatchuka chifukwa cha Charles Darwin. Ntchentche ina yobwera, yotchedwa Philornis downsi, imaikira mazira m'zisa zake, ndipo mphutsi zake zimamwa magazi a tiana usiku mpaka tambiri timafa. Sarah Knutie, yemwe panthawiyo anali wophunzira wa Clayton, anaona timbalameti tikusolola ulusi pa chingwe choyanikapo zovala. Iye ndi anzake anaika thonje lothiridwa mankhwala a permethrin pamalo pomwe timbalameti tingalitole. Tinalitengera m'zisa, ndipo mphutsi zinachepa kwambiri, monga linanenera lipoti lawo la 2014.

Musatengere njira imeneyi pa mbalame zakutchire za kwanu. Chofunika kutolapo n'chakuti tiana timafera m'chisa, choncho chisa ndi malo oyamba kuwasamalira.

Zoyenera kuchita

1. Yang'anani mbalame zanu kamodzi pa sabata. Tambasulani phiko padzuwa kuti muone tinsabwe tatitali pakati pa nthenga. Kwa nkhuku, yang'anani kunsi kwa mapiko ndi kuzungulira kotulukira chitosi, komwe mazira a nsabwe amamatirira ngati timibulu toyera patsinde pa nthenga.

2. Samalani mbalame yothyoka kapena yopindika mlomo, komanso yodwala. Imeneyo siyingadzikonze, ndipo imasanduka nkhokwe ya nsabwe ya khola lonse. Ipatuleni ndi kuithandiza.

3. Musadule milomo popanda chifukwa. Nkhuku zikamajomphana, yambani mwachepetsa kuthithikana, kuonjezera modyera ndi momwera, ndi kuzipachikira masamba. Ngati munagula nkhuku zodulidwa kale milomo, muziziyang'ana kawirikawiri.

4. Konzerani nkhuku malo osambira m'fumbi. Sakanizani mchenga wouma wosefa ndi phulusa lozizira la nkhuni, muike m'bokosi kapena m'tayala lakale pamalo posafika mvula. Nkhunda zimakonda kusamba m'madzi, choncho ziikireni beseni losazama ndipo muzisintha madziwo.

5. Maunda akatuluka kapena anapiye akaswedwa, chotsani udzu wakale wa m'chisa, muutenthe, n'kuikamo wouma. Sesani zitosi ndi kumata ming'alu ya khola, poti tizilombo tina timabisala m'menemo masana n'kumaluma mbalame usiku.

6. Mbalame zomwe mwagula kumsika kapena mwapatsidwa zikhale pazokha kwa masabata awiri musanaziphatikize ndi zanu.

7. Vuto likakula, funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu za mankhwala oyenera mbalame. Tsatirani muyeso wolembedwa pa botolo kapena paketi, ndipo bwerezani monga alembera, chifukwa mankhwala ambiri sapha mazira a nsabwe. Thirani mbalame zonse pamodzi ndi khola lomwe, ndipo dikirani masiku olembedwawo musanadye nyama kapena mazira.

Chenjezo

Musagwiritse ntchito mankhwala a thonje, a fodya kapena a m'nkhokwe pa mbalame. Angathe kupha mbalamezo ndi kudwalitsa odya nyama yake. Permethrin ndi woopsa kwa nsomba, njuchi ndi amphaka, choncho musatsukire ziwiya zake pamtsinje, padamu la nsomba kapena pafupi ndi ming'oma. Sungani mankhwala onse pomwe ana sangafikire, ndipo sambani m'manja ndi sopo mukamaliza kuthira.