MASAMU A KUSUKULU AGWIRE NCHITO KUMUNDA

Boma la Chama lidziwika ndi mpunga, thonje ndi cimanga. Alimi a kwa Kambombo, kwa Tembwe, kwa Chikwa ndi kwa Chifunda amakhetsa thukuta caka conse, koma phindu la ambiri limathera pa sikelo ndi pa ngongole. Cothandiza cili m'nyumba mwathu momwe: buku la masamu la mwana wa sukulu.

Tiyambe ndi kukula kwa munda. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi. Mukaculukitsa 50 ndi 50 mupeza masikweya mita 2,500, ndipo malima anai apanga hekita imodzi. Alangizi a zaulimi akhala akuphunzitsa kuti lima imodzi ya cimanga ifuna thumba limodzi la D Compound ndi limodzi la Urea. Tsono munda wa mamita 100 ndi 75 ndi masikweya mita 7,500, ndiwo malima atatu. Ufunika matumba atatu a feteleza wa pansi ndi atatu wa pamwamba. Mlimi amene sanapime munda wake amangoganizira, ndipo amathira wocepa kapena kuononga ndalama pogula woculuka.

Pa msika naponso mpofunika kucenjera. Thumba limene a FRA amagula ndi la makilo 50. Wogula wina wa m'njira akamadzazitsa thumba mpaka makilo 53 koma nalipira mtengo wa 50, makilo atatuwo aoneka ocepa. Pa matumba 20 akwana makilo 60, ndiye kuti thumba lathunthu ndi makilo 10 apamwamba zapita ulele.

Nanga kaloba? Tiyerekeze kuti mwabwereka K500 kuti mubweze K750 mwezi ukatha. Ciongoladzanja cake ndi 50 peresenti. Mukalephera, wobwereketsa nawerengera pa ndalama yonse, mwezi waciwiri ngongole ifika K1,125, wacitatu K1,687.50. Munthu amene wacita masamu amenewa asanasaine amayamba waganiza kawiri.

Ana akafika ku sekondale amaphunzira aljebra, masamu a zilembo. Makolo ena amadabwa kuona x m'buku la masamu. Cilemboco ciimira nambala imene sitinaidziwe. Nayi nkhani yake. Mlimi waononga K4,200 pa mbeu, feteleza ndi aganyu. Tinene kuti thumba ligulidwa K310, ndipo ngolo yopita nalo ku msika ilipiritsa K30 pa thumba. Agulitse matumba angati kuti abweze ndalama yake? Mwana alemba 310x - 30x = 4,200. Ndiko kuti 280x = 4,200, ndipo akagawa apeza kuti x ndi 15. Matumba 15 oyamba angobweza zimene zinalowa, phindu liyambira pa thumba la nambala 16. Mitengo iyi ndi yongoyerekeza. Inu muikepo ya caka cino.

Palinso masamu a makona atatu, amene aphunzitsi amawacha trigonometry. Amathandiza kupima cinthu cimene simungakwere. Ngati pafupi ndi chalichi pali mtengo wofunika kudula, imikani ndodo ya mamita awiri padzuwa ndi kupima cithunzithunzi cake. Cikakhala mamita atatu, pamene ca mtengo pa nthawi yomweyo ndi mamita 12, ndiye kuti ca mtengo caposa ca ndodo kanai. Mtengowo ndi wautali mamita 8. Ngati khoma lili pa mamita 6 kucokera pa tsinde, mtengo ungagwere denga.

Amisiri omanga nawonso ali ndi njira yakale ya cingwe. Pimani mamita atatu mbali imodzi ndi mamita anai mbali ina. Ngati pakati pa nsonga ziwirizo pakwana mamita asanu ndendende, kona yanu yaongoka. Ili ndi lamulo la Pythagoras: 9 kuonjezapo 16 apanga 25, amene ndi 5 kuculukitsa ndi 5. Ligwira nchito pa maziko a nyumba, pa khola ndi pa dimba lomwe.

Wina anganene kuti ine sukulu ndinalekera panjira, masamu sindiwatha. Kumbukirani Januwale 2013, pamene ndalama zathu zinacotsedwa maziro atatu, K50,000 nisanduka K50. Agogo omwe anazolowera kugawa ndi 1,000 popanda bolodi kapena coko.

Kuyambira mu 2022 boma linacotsa malipiro m'masukulu ake mpaka ku sekondale. Tsono ana apite kusukulu ngakhale pa nyengo yoingitsa mbalame m'mpunga kapena yotola thonje. Madzulo muwapatse masamu a zenizeni: kukula kwa munda, kulemera kwa matumba, ngongole ya ku kilabu. Mwana amamva msanga akaona kuti x ndi matumba a amai ake.

A m'mipingo, a m'tumipingo ndi a makoparetivi, sankhani tsiku limodzi msika usanatsegulidwe, muitane mphunzitsi kapena mwana wa sekondale, aliyense abwere ndi manambala a munda wake. Palibe manyazi kuti bambo afunse mwana wake. Akulu anati safunsa anadya phula.