Mabwana awiri m'pulogalamu imodzi

Aliyense amene walembapo mapulogalamu a pa intaneti mu Java amaudziwa uthenga wakuti NullPointerException. Umatanthauza kuti pulogalamu inafuna kugwiritsa ntchito chida chinachake koma pamalo pake inapeza palibe kanthu. Chowawa n'chakuti khodiyo ukaiwerenga mzere ndi mzere imaoneka yabwinobwino: chizindikiro chopempha chidacho chilipo, chidacho chinalembedwa, mayeso onse anadutsa. Pa ntchito yanga yolemba ndi kukonza mapulogalamu otere ndaona kuti zikafika pamenepa, kawirikawiri gwero limakhala limodzi. M'pulogalamumo muli mabwana awiri ogawa zida, ndipo sakudziwana.

Pulogalamu yaikulu imamangidwa ndi tizigawo tambirimbiri totchedwa ma object. Kagawo kolandira pempho la kasitomala pa tsamba la banki kamadalira kena kowerenga akaunti, ndipo kameneko kamadalira kenanso kolankhula ndi database. Kale kagawo kalikonse kankadzipangira kokha zimene kakufuna pogwiritsa ntchito lamulo la new. Zotsatira zake tizigawo tinkalukanalukana moti kukhudza kamodzi kunali kugwedeza tonse, ndipo kuyesa kamodzi pakokha inali ntchito yakalavulagaga. Njira ya dependency injection imachotsa udindowu m'manja mwa tizigawo n'kuupereka kwa woyang'anira wotchedwa container. Kagawo kamangonena zimene kakufuna, container n'kukapanga, n'kukaninkha zida zake. Martin Fowler ndiye anatchukitsa dzinali mu Januwale 2004, ndipo mu Malichi chaka chomwecho panatuluka Spring 1.0, yochokera ku ntchito ya Rod Johnson. Google inatulutsa container yake, Guice, mu 2007.

Zimenezi zimatikhudza ngakhale kuno kwathu. DHIS2, pulogalamu imene maunduna a zaumoyo ku Malawi ndi ku Zambia amasonkhanitsiramo ziwerengero za m'zipatala, inalembedwa mu Java ndipo imadalira Spring ndi Hibernate. Wachinyamata amene walowa ntchito yosamalira mapulogalamu a mtundu umenewu amakumana ndi container tsiku loyamba lomwe.

Lamulo limene ambiri amaliphunzira mochedwa ndi ili: container imagawira zida ma object okhawo amene inapanga yokha. Zili ngati paukwati pamene akuchimuna ali ndi komiti yawo yophika, akuchikazi nawonso yawo. Mayi amene analembedwa ndi akuchikazi akapita kukapempha mafuta kwa wosunga katundu wa akuchimuna, amabwerera chimanjamanja, ngakhale zigubu zili tho mosungiramo. Dzina lawo mulibe m'kaundula wa kumeneko.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha Spring ndi Jersey. Jersey ndi framework yolembera ma API, makomo amene pulogalamu ya pafoni imagogodapo ikafuna kudziwa ndalama zotsala kapena kutumiza fomu. Kuyambira Jersey 2, yomwe inatuluka mu 2013, framework imeneyi imayenda ndi container yakeyake yotchedwa HK2. Gulu la olemba mapulogalamu likasankha Spring kuti iyang'anire za mkati, Jersey n'kukhala pakhomo, ndiye kuti laika mabwana awiri m'nyumba imodzi, nthawi zambiri mosazindikira.

Chimene chimasokoneza kwambiri chinachokera ku cholinga chabwino. Mu 2009, Bob Lee, yemwe anayambitsa Guice, ndi Rod Johnson anatsogolera mgwirizano wa JSR-330 wakuti ma container onse azimva chizindikiro chimodzi, @Inject. Spring imachimva, Guice imachimva, HK2 nayonso imachimva. Koma chizindikirocho sichinena kuti ayankhe ndani. Class yokhala ndi @Path, chizindikiro cha khomo la API, imapangidwa ndi Jersey, choncho pempho la @Inject limagwera kwa HK2, imene imafufuza m'kaundula wake, osapeza chida chimene Spring yasunga, n'kudandaula kuti palibe object yoti ipereke. Wolembayo amapita kukaona ku Spring, amapeza chidacho chili phee pamalo pake, mutu n'kuima.

Kulephera kofuula koteroko kuli bwinoko. Akalemba @Autowired, chizindikiro cha Spring yokha, pomwe palibe mlatho wolumikiza ma container awiriwo, HK2 imangochidutsa osanena kanthu. Seva imayaka bwinobwino. Vuto limadzaonekera pamene munthu woyamba wadina batani.

Mlathowo ulipo. Jersey ili ndi ma module ake olumikizira ku Spring, monga jersey-spring5, ndipo Spring Boot ili ndi spring-boot-starter-jersey. Ukauika, n'kulemba @Component pa class ija, Spring ndi imene imapanga object, Jersey n'kumangoigwiritsa ntchito. Ambiri amapumira pamenepa poganiza kuti nkhani yatha, koma m'maganizo mwanga apa m'pamene pamayambira ngozi yeniyeni, chifukwa ma container awiriwa amasiyana pa nkhani ya utali wa moyo wa object. Jersey ikasiyidwa yokha imapanga object yatsopano pa pempho lililonse n'kuitaya pempholo likatha. Spring ikapanda kuuzidwa zina imapanga imodzi yokha, singleton, imene imatumikira anthu onse nthawi imodzi mpaka seva itazimitsidwa. Khodi imene inkasunga nambala ya akaunti ya kasitomala mkati mwa object inali yotetezeka pansi pa Jersey. Ikasamukira m'manja mwa Spring, nambala ya munthu mmodzi itha kufufutidwa ndi ya mnzake pakati pa ntchito, wina n'kuona zinsinsi za wina. Pa laputopu ya wolembayo, pamene woyesa ali yekha, izi sizioneka ngakhale pang'ono. Zimadikira tsiku la malipiro, anthu mazanamazana akalowa pamodzi.

Amene anagwirapo Struts 2, framework ina ya Java, amaidziwa bwino mbuna imeneyi. Ma action a Struts 2 anapangidwa kuti azisunga zimene munthu walemba pa fomu mkati mwawo, podalira kuti pempho lililonse lilandira action yake. N'chifukwa chake owapereka kwa Spring amayenera kulemba poyera kuti scope yake, kutanthauza utali wa moyo wake, ndi prototype. Kuiwala mawu amodzi amenewo n'kokwanira kusakaniza mafomu a anthu awiri osadziwana.

Palinso kulephera kwina kwakachetechete kumene kumandidetsa nkhawa kuposa NullPointerException. Chizindikiro cha @Transactional chimalonjeza kuti ntchito ya magawo angapo, monga kuchotsa ndalama mu akaunti imodzi n'kuziika mu ina, ichitika yonse kapena isachitike n'komwe. Spring imakwaniritsa lonjezoli pokuta object ndi chovala chotchedwa proxy, chimene chimatsegula ndi kutseka transaction. Object yopangidwa ndi HK2, kapena ndi lamulo la new, ilibe chovalacho. Chizindikiro chimakhalapo, wowerenga khodi amachiona n'kukhutira, koma sichichita kanthu. Ngati khodiyo ikulemba mu database mwachindunji kudzera mu JDBC, gawo loyamba limasungidwa palokha, ndipo lachiwiri likalephera ndalama zimakhala zachoka uku osafika uko.

Nthawi zina mabwana awiriwo amakhala a banja limodzi. Mapulogalamu akale a Spring MVC amakhala ndi ma container awiri otchedwa ma context, wina wotsegulidwa ndi ContextLoaderListener, wina wa DispatcherServlet. Onse akauzidwa kufufuza ma package omwewo, aliyense amapanga object yake, ndipo ntchito yoikidwa kuti izichitika pakati pa usiku imachitika kawiri. Makasitomala amalandira uthenga womwewo kawiri.

Kusintha kwa mayina kwawonjezera chisokonezo. Oracle itapereka Java EE ku Eclipse Foundation mu 2017, mayina oyamba ndi javax anasanduka jakarta mu Jakarta EE 9 ya 2020, ndipo Spring Boot 3 inatsatira mu Novembala 2022. Pa sikirini @Path yakale ndi yatsopano zimaoneka chimodzimodzi, kusiyana kuli pa mzere wa import pamwamba pa fayilo. Jersey 3 siizindikira yakaleyo, ndipo khomo limene linkagwira ntchito dzulo limayankha 404.

Wodziwa ntchito akakumana ndi zoterezi sayamba n'kusinthasintha zizindikiro mwachiyembekezo. Amafunsa kaye kuti object imeneyi waipanga ndani. Yankho silivuta kulipeza. Amaika breakpoint mu constructor ya class yokayikitsayo, pulogalamu ikaima pamenepo n'kuwerenga mndandanda wa amene aiitana. Mayina oyamba ndi org.springframework akuloza Spring. Oyamba ndi org.jvnet.hk2 kapena org.glassfish akuloza mbali ya Jersey. Akapanda kuona onsewa, ndiye kuti pali wina amene analemba new penapake. Kenako amawerenga kuti constructor yaitanidwa kangati: kamodzi, kawiri, kapena pa pempho lililonse. Mu Spring Boot, Actuator ili ndi tsamba la beans losonyeza object iliyonse imene Spring ikuidziwa pamodzi ndi scope yake, ndipo lamulo la mvn dependency:tree limaulula ngati library ina yabweretsa mobisa mtundu wakale wa mlatho kapena ma package a javax.

Pokonza, ine ndimalimbikitsa zinthu ziwiri. Gulu ligwirizane kuti container imodzi ndiyo mwini wa ma object onse a ntchito zamkati, inayo izingobwereka kudzera pa mlatho, ndipo mgwirizanowo ulembedwe poti wobwera mawa auwerenge. Kenako zida zizipemphedwa kudzera mu constructor m'malo moika chizindikiro pa field. Object yotero singapangidwe popanda zida zake, choncho singleton ikasowa chida seva imakana kuyaka wolembayo akadali pa desiki yake, kasitomala asanaone kanthu. Kuyambira Spring 4.3 ya 2016, class yokhala ndi constructor imodzi sifunanso n'komwe @Autowired.