Kodi mumadziwa?

Mayi amene wachotsa mimba ya miyezi itatu yoyambirira, kapena amene wapita padera, akhoza kutenganso mimba ina pasanathe milungu 2, asanayambe n'kusamba komwe. Ambiri sadziwa zimenezi, ndipo ndi apa pomwe mimba yosayembekezereka imabwerezera.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati lupu, imodzi mwa njira zolera, itha kuikidwa tsiku lomwelo chiberekero chikangotsukidwa, bola pasakhale matenda m'kati. Ngati mayi wagwiritsa ntchito mapiritsi ochotsa mimba, lupu imaikidwa dokotala akatsimikiza kuti zonse zatuluka. Lupu ya kopa, kachipangizo kakang'ono kooneka ngati chilembo T, imateteza zaka 10, ndipo mwa amayi 100 oigwiritsa ntchito, wotenga mimba pa chaka safika ndi mmodzi yemwe. Mukaichotsa, kubereka kumabwerera msanga. Koma siteteza ku HIV. Pamenepo kondomu ikufunikabe.

Ku Zambia, lamulo la 1972 limalola madokotala kuchotsa mimba pa zifukwa zina.

Amayi a ku Silverest, kaya mwathandizidwa ku chipatala cha boma ku Chongwe kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa ku Lusaka, musatuluke musanafunse za kulera.