Chifukwa chomwe buku la achinyamata lidautsira mapiri pachigwa ku America

M'chaka cha 2017, Angie Thomas wa ku Jackson, m'chigawo cha Mississippi, adatulutsa buku lotchedwa The Hate U Give. Chidamuchititsa kulemba ndi imfa ya Oscar Grant, mnyamata wachikuda yemwe wapolisi adamuwombera ku Oakland mu 2009.

Bukuli likusimba za Starr Carter, mtsikana wa zaka 16, yemwe akuona wapolisi wachizungu akupha mnzake Khalil atawaimitsa pamsewu usiku. Khalil adalibe mfuti. M'galimotomo mudali bulashi ya tsitsi chabe. Komabe mtima wa nkhaniyi uli pa zimene zidatsatira. Nyumba zoulutsa mawu zikumutcha malemuyo wogulitsa mankhwala ozunguza bongo, ndipo Starr, mboni yokhayo, ayenera kusankha kukhala chete kuti banja lake litetezeke, kapena kuulula zimene adaona. Iye aulula, koma wapolisiyo sazengedwa mlandu. Mlembiyo sadafune kunyengerera owerenga ake, ngakhale ali ana.

Chaka chomwecho akuluakulu a sukulu ku Katy, m'chigawo cha Texas, adalichotsa m'malaibulale ponena kuti muli mawu otukwana. Anthu atadandaula adalibwezeretsa, koma wophunzira adayenera kuyamba wapeza chilolezo cha makolo ake kuti aliwerenge.