Chinsinsi cha chiwongolero chili pansi pa tayala

Msewu wa Khwekhwerere, wotsika kuchoka ku Dedza kupita ku Golomoti, sufuna njinga yamoto yonjenjemera chiwongolero. Makona ake ndi akuthwa, ndipo kumbali kuli phompho. Komatu akabaza ambiri njinga ikayamba kugwedeza mutu amathamangira kupopa tayala, chonsecho vuto lili pena.

Pali kamtunda kakang'ono pansi pa tayala lakutsogolo komwe pa Chingerezi amati trail. Mzere wongoganizira wotsika m'khosi mwa njinga, pomwe chiwongolero chimazungulira, umakafika pansi kutsogolo pang'ono kwa malo omwe tayala laponda. Mpata wa pakati pa malo awiriwa ndiwo umachititsa kuti tayala lizibwerera lokha pakati njinga ikamathamanga.

Pa njinga za mpikisano, monga za MotoGP, mpatawu umakhala pafupifupi masentimita 10, ndipo amakaniko amausintha ndi mamilimita ochepa chabe. Ukakula, njinga imayenda mowongoka koma imalemera pokhota. Ukachepa, imakhota msanga koma sichedwa kunjenjemera.

Kuyeza kwake sikulira makina. Njinga iime chilili pamalo osalala, mwini wake atakhalapo. Chingwe chomangirira mwala chilendewere kuchokera pakati pa ekiselo, ndipo pomwe mwala waloza alembepo ndi choko. Kenaka ndodo yowongoka aigoneke motsatira khosi la njinga mpaka igunde pansi, alembenso. Chatsala n'kuyeza ndi tepi pakati pa zizindikiro ziwirizo.

Kwa wakabaza wa ku Bembeke kapena ku Linthipe, nkhaniyi ndi ya tsiku ndi tsiku. Pomanga buleki potsetsereka, mafoloko amafupika, mutu wa njinga umazyolika ndipo mpata uja umachepa pa nthawi yomwe ukufunika kwambiri. Matumba a kachewere akaunjikidwa kumbuyo, tayala lakutsogolo limapepuka n'kusiya kugwira bwino msewu.

Zinanso zimachitikira kwa makaniko. Kukweza mafoloko m'zomangira zake pofuna kutsitsa njinga, kapena kuika tayala laling'ono kutsogolo, kumachepetsa mpatawo. Foloko yopindika pangozi n'kuwongoledwa ndi hamala nayo imausokoneza.

Choncho njinga yomwe yagwapo, kapena yogula kwa munthu, ndi bwino kuiyeza isananyamule mayi ndi mwana kumsana. Ngati muyezo ukusiyana kwambiri ndi wa inzake ya mtundu womwewo yomwe sinagwepo, njingayo iyambe yaonedwa ndi makaniko isanatsike phiri.