Kabuku ka Nyengo Kangacenjeze Banja za Matenda Akubwera

Kuyambira mwezi wa Seputembala kufikira kumapeto kwa Novembala, nyengo kuno kum'mawa siidziwika bwino. M'mawa kungace ndi kamphepo kozizira, masana dzuwa nkuswa mtengo, madzulo kamvuluvulu nkudzaza fumbi m'nyumba. Mu Okutobala nyenje zilira, kutentha kufika pacimake, ndipo kucigwa ca Luangwa, monga ku Mfuwe, masiku ena kumapitirira madigiri 40. Kenaka mitambo iunjikana, cizimalupsa cigwa, anthu akondwera, koma pambuyo pake pangapite milungu iwiri popanda dontho lina.

Kusintha kumeneku kuli ndi matenda ake, ndipo matendawo abwera motsatana: cifuwa ndi maso panthawi ya fumbi, kutsegula m'mimba pamene madzi asowa ndiponso pamene mvula yoyamba igwa, ndiyeno malungo. Banja limene lilemba za nyengo tsiku ndi tsiku liwaona matendawa akali patali, ndipo likhala ndi nthawi yokonzekera.

A Zambia Meteorological Department aulutsa za nyengo pa wailesi, ndipo nkofunika kumvetsera. Koma iwo anena za cigawo conse, pamene mvula ya miyezi imeneyi ndi ya mabingu, yogwa patalipatali. Mu Chipata ingagwe yamphamvu ku Kapata, ku Mchini nkungowaza. Cimene cikhudza citsime ndi cimbudzi ca banja ndi mvula imene yagwa pabwalo pawo.

Zofunika pa nchitoyi

Nchitoyi siifuna ndalama zambiri. Pafunika buku lolembamo la kusukulu, pensulo, rula ndi citini copanda cibvundikiro. Citinico cikhale ca m'mbali moongoka, kukamwa ndi pansi kofanana kukula, ndipo ciikidwe pa mtengo wozika poyera, kutali ndi denga ndi mitengo ya mthunzi. M'mawa uliwonse pa ola limodzimodzi, monga 07:00 ana asanapite kusukulu, munthu aimike rula m'citini ndi kuwerenga kuya kwa madzi m'mamilimita. Akalemba, madziwo atayidwe.

Milimita imodzi itanthauza lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Kotero mvula ya mamilimita 20 pa denga la mamita 6 m'litali ndi 5 m'lifupi ipereka malita 600, ndiko kuti zigubu 30 za malita 20. Madzi onsewo ayenda pabwalo, ndipo atenga ciriconse cimene apeza panjira.

Banja limene liri ndi coyezera kutentha licipacike pamthunzi, osati pakhoma lowomba dzuwa. Limene liribe lingolemba mau: kozizira, kofunda, kotentha kwambiri.

Tsamba ligawidwe m'mizere isanu: tsiku, mvula, kutentha ndi mphepo, madzi akumwa, ndi za umoyo wa m'nyumba. Mwacitsanzo, mzere wa tsiku limodzi ungakhale tere: 14 Novembala, mamilimita 22, usiku kotentha, pompi inauma, tinatunga pacitsime, mwana wamng'ono watsegula m'mimba kawiri. Mzere wotsiriza ndiwo upatsa kabukuka phindu, cifukwa uika nyengo ndi matenda pamalo amodzi. Mwana wa giredi 5 kapena 6 angathe kugwira nchitoyi, makolo nkumaona pa Sondo.

Masiku a fumbi ndi kutentha

Ngati kabuku kaonetsa masiku otsatana a mphepo ndi fumbi, wodwala mphumu asunge mankhwala ake pafupi, ndipo pabwalo pawazidwe madzi asanasese. Utsi wa lupsa ndi wa zinyalala zotenthedwa uonjezera bvutoli.

Masiku otentha kwambiri akatsatana, makamaka ngati ndi usiku womwe sikuzizira, amene ali pangozi ndi makanda, okalamba, amai apakati ndi ogwira nchito padzuwa. Ayenera kumwa madzi asanamve ludzu. Khanda losakwana miyezi 6 liyamwitsidwe kawirikawiri. Silifuna madzi ena. Cakudya cotsala cisasa msanga m'nyengo yotere, conco citenthetsedwe mpaka kuwira cisanadyedwe.

Mvula yoyamba

Tsiku la mvula yamphamvu yoyamba lizunguliridwe ndi pensulo. Madzi ake akokolola zonyansa za miyezi yonse ya cilimwe, adzaza zimbudzi zokumba, ndi kulowa m'zitsime zosazama. Nchenche nazo zicuruka pamodzi ndi mango.

Cimene cinacitika ku Lusaka ndi phunziro kwa makomboni a m'matauni onse. Kolera ya 2017 inayamba mu Okutobala m'makomboni a mzindawo, ndipo inakula mvula italimba. Ya 2023 inayambanso mu Okutobala. Pofika mu Januwale 2024 bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko muno, ndipo oposa 700 anamwalira.

Cotero banja lisadikire tsiku lozunguliridwalo. Kabuku kakayamba kuonetsa mitambo ndi mabingu a madzulo, klorini ndi mapaketi a ORS zikhale ziri kale m'nyumba, ngalande zitsegulidwe, ndipo pakhomo pa cimbudzi paunjikidwe dothi kuti madzi asalowe. Madzi akumwa awiritsidwe, kapena athiridwe klorini molingana ndi malangizo a pabotolo ndi kudikira mphindi 30.

Wotsegula m'mimba ayambe kumwa ORS nthawi yomweyo: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Ngati paketi palibe, mu lita imodzi musungunulidwe timasupuni 6 tosasefukira ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere. Mwana apatsidwenso zinki kwa masiku 10 kufikira 14. Cimbudzi cooneka ngati madzi otsukira mpunga, maso olowa, liwombo lotsika kapena kukana kumwa ndi zizindikiro zothamangira nazo kucipatala, usiku kapena usana, wodwala akumwa ORS panjira. Kolera ingaphe munthu wamkulu m'maola ocepa.

Kuwerengera malungo

Apa ndi pamene kabuku kathandiza koposa. M'nyengo yofunda dzira la udzudzu lisanduka udzudzu wouluka patapita masiku 10 kufikira 14. Udzudzuwo ukaluma wodwala, kacirombo ka malungo kafuna masiku enanso 10 kapena kuposapo kuti kakhwime m'thupi mwake. Munthu amene walumidwa pambuyo pake ayamba kumva kutentha thupi patapita mlungu umodzi kapena iwiri. Kuonkhetsa zonse, kuyambira tsiku limene zithaphwi zayamba kukhalitsa kufikira pamene malungo acuruka, papita milungu 4 kufikira 6.

Banja limene linalemba kuti zithaphwi zinayamba pa 20 Novembala lidziwa kuti ca ku Khirisimasi ngozi idzakhala itakula. Milungu ya pakatiyo ndi yokwirira maenje oumbira njerwa ndi zithaphwi za pafupi ndi nyumba, kusoka neti yong'ambika, ndi kuona kuti aliyense, makamaka ana aang'ono ndi amai apakati, agona m'neti usiku uliwonse. Komabe malungo alipo caka conse. Kutentha thupi kwa tsiku liri lonse kufuna kuyeza magazi pasanapite maola 24, kaya kabuku kanena ciani.

Kabuku ku kiliniki

Funso loyamba ku kiliniki ndi lakuti, "Anayamba liti?" Yankho la ambiri ndi lakuti, "Papita masiku." Amai amene afika ndi kabuku pamodzi ndi khadi la kusikelo angachule tsiku lenileni, kumene anatunga madzi dzulo lake, ndi ena amene adwala m'nyumbamo. Zimenezi zithandiza a zaumoyo kuzindikira matenda msanga. Ndipo ngati mabuku a nyumba zitatu kapena zinai aonetsa kutsegula m'mimba pambuyo potunga pacitsime cimodzi, nkhaniyo iperekedwe kwa a komiti ya zaumoyo ya m'komboni tsiku lomwelo.

Kabuku ka caka cino kasatayidwe. Zaka sizifanana: mu Febuluwale 2024 boma linalengeza cilala kukhala tsoka la dziko, pamene zaka zina makomboni amira m'madzi. Mtima uiwala kuti mvula inayamba liti ndi kuti mwana anadwala mlungu uti, koma mabuku a zaka ziwiri kapena zitatu akaikidwa pamodzi aonetsa banja milungu yake yangozi. Tsamba loyamba lilembedwe tsopano, mitambo isanaunjikane.