Mutu Woyamba wa Buku: Gwero la Vuto Lake ndi Njira Zolithetsera

Mutu woyamba wa buku ndi umene umawerengedwa ndi anthu ambiri kuposa mitu ina yonse. Munthu amene waima m'sitolo ya mabuku kapena mulaibulale amatsegula tsamba loyamba, n'kuwerenga ndime imodzi kapena ziwiri, ndipo pomwepo amasankha kulitenga bukulo kapena kulibwezera pomwe linali. Mkonzi wa kukampani yosindikiza mabuku nayenso amayambira pomwepo akalandira zolemba za mlembi watsopano. Alembi amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake ambiri amatha miyezi akulemba ndi kufufuta tsamba limodzi lomwelo, ena mpaka kugwa ulesi asanafike n'komwe pa mutu wachiwiri. Vutoli siligwera ongoyamba kumene okha. Gabriel García Márquez wa ku Colombia, yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 1982, adauza magazini ya The Paris Review mu 1981 kuti ndime yoyamba inkamutengera miyezi yambiri, koma akangoipeza, zotsalazo zinkabwera mosavuta.

Ntchito ya mutu woyamba

Wokamba nthano pabwalo madzulo ali ndi mwayi umene mlembi alibe. Akangoti "Padangokhala", omvera amayankha kuti "Tili tonse", ndiye kuti agwirizana kale kuti amvetsera. Mlembi alibe womuyankha chotero. Ayenera kumukopa yekha wowerenga amene sakumuona, pogwiritsa ntchito mawu a papepala basi.

Kuti zimenezi zitheke, mutu woyamba umagwira ntchito zinayi. Umaonetsa mwininkhani, munthu amene wowerenga ayende naye mpaka kumapeto. Umadziwitsa malo ndi nthawi imene nkhani ikuchitikira. Umakhazikitsa liwu la mfotokozankhani: kodi ndi mwininkhani amene akudzifotokozera yekha, kapena ndi wina wapadera amene akuona zonse? Pomaliza, umadzutsa funso limene wowerenga sangapeze mtendere asanalimvere yankho lake. Zinayizi pamodzi ndi lonjezo: mlembi akumuuza wowerenga mtundu wa buku limene wagwira m'manja ndi kumene likulowera.

Gwero la vuto lili pa lonjezoli. Pa tsiku loyamba kulemba, mlembi amakhala asanalidziwe bwino buku lake. Apangankhani amakhala asanakhwime m'mutu mwake, mathero asanaoneke, ngakhale mfundo yaikulu ya bukulo isanakhazikike. Amafuna kulonjeza chinthu chimene iye mwini sanachione. Blaise Pascal, katswiri wa ku France wa m'zaka za m'ma 1600, adanenapo mfundo yomweyi, yakuti chimene wolemba buku amachizindikira pomalizira penipeni ndi chija choyenera kukhala poyamba.

Poyambira nkhani

Funso lalikulu ndi lakuti nkhani iyambire pati. Pali mabuku amene amayambira pa kubadwa kwa mwininkhani, ndipo amatero pa chifukwa chomveka. Buku la Samuel Josia Ntara lotchedwa Nthondo, lomwe lidatuluka mu 1933 ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi pa dzina lakuti Man of Africa, limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira ku ubwana mpaka ku ufumu ndi imfa yake. Poti nkhani yake ndi ya moyo wonse wa munthu pamodzi ndi miyambo imene amadutsamo, kuyambira pachiyambi penipeni n'koyenera. Koma nkhani zambiri si za moyo wonse. Zimakamba za nyengo imodzi imene zinthu zidasokonekera, ndipo poyambira pake pabwino ndi pafupi ndi pamene kusokonekerako kukuyamba.

Mwachitsanzo, mlembi angafune kulemba za mtsikana wa ku Ntcheu amene akusiya sukulu kukagwira ntchito yam'nyumba ku Limbe. Kawirikawiri kulemba koyamba kumatsegula ndi tambala akulira, dzuwa likutuluka kuseri kwa phiri, mtsikana akusesa pabwalo, kenaka masamba atatu ofotokoza mbiri ya mudzi ndi mayina a abale onse. Pofika tsamba la 8 m'pamene azakhali ake akutsika minibasi, atanyamula shuga ndi sopo m'jumbo, n'kukhala pamkeka ndi mayi ake a mtsikanayo, akulankhula motsitsa mawu uku akumuyang'ana m'mbali. Nkhani yayambira pamenepo. Masamba 7 oyamba aja adathandiza mlembi kuudziwa mudziwo, koma wowerenga sakuwafuna onse. Zofunika za m'masambawo zingalowe pang'onopang'ono m'kati mwa zochitika: umphawi wa pakhomopo uonekere pa mmene mayi akulandirira shuga uja ndi manja awiri, osati pa ndime yaitali yonena kuti banjalo linali losauka.

Alembi otchuka a mu Africa amachita chimodzimodzi. Ngũgĩ wa Thiong'o, m'buku la Weep Not, Child la mu 1964, akuyamba ndi mayi akuuza mwana wake Njoroge za mwayi wopita kusukulu, ndipo chiyembekezo cha maphunzirocho ndicho chimene buku lonse likuchiyesa mpaka kuchiswa. Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, mu Nervous Conditions ya mu 1988, akutsegula ndi mtsikana Tambudzai akuulula kuti imfa ya mchimwene wake siidamumvetse chisoni. Wowerenga aliyense amadzidzimuka n'kufuna kudziwa chimene chidaumitsa mtima wa mwanayo.

Mutu woyamba wa Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe la mu 1958, ndi phunziro lokwanira palokha. M'masamba ochepa, wowerenga amadziwa kuti mwininkhani Okonkwo adatchuka ali ndi zaka 18 atagwetsa katswiri wolimbana wotchedwa Amalinze. Kenaka amaona bambo ake, Unoka, munthu wokonda chitoliro ndi mowa, wodzaza ndi ngongole. Mnansi wake Okoye atabwera kudzaitanitsa ngongole yake, Unoka akuseka n'kumuonetsa mizere ya choko pakhoma, yoimira ngongole zina zikuluzikulu zimene ayenera kuyamba kubweza. Achebe sakungonena za ulesi, akuonetsanso khomalo. Manyazi a mwana pa bambo wotere ndiwo muzu wa nkhanza zonse za Okonkwo, ndipo mutuwo usanathe dzina la mnyamata Ikemefuna latchulidwa kale pamodzi ndi chenjezo lakuti tsoka likumudikira.

Zolakwika zofala

Cholakwika chachikulu ndi kuunjika mbiri yonse patsogolo, poopa kuti wowerenga samvetsa. China ndi kutchula mayina ambiri pa tsamba limodzi, moti wowerenga sadziwa woti amutsate. Palinso kuyamba ndi maloto oopsa amene pamapeto pake mwininkhani amangodzidzimuka n'kudzuka. Wowerenga amamva kuti wapusitsidwa. Ena amayamba ndi ulaliki wa phunziro la nkhaniyo, kuiwala kuti ngakhale m'nthano phunziro limabwera kumapeto. Ndipo ena amatsegula ndi ndewu kapena ngozi pofuna kukopa anthu, pamene buku lonse ndi la nkhani yodekha ya m'banja. Kutero n'kulonjeza chimene bukulo silidzapereka.

Njira zothetsera vutoli

Njira yodalirika kuposa zonse ndi kulemba mutu woyamba wongoyembekezera, n'kupitirira. Womanga nyumba sapaka utoto pachitseko denga lisanakwere. Chimodzimodzi mlembi sayenera kusalaza chiganizo choyamba buku lisanaime. J.R.R. Tolkien adayamba The Lord of the Rings mu Disembala 1937 ndipo mutu woyamba adaulemba mobwereza kangapo. Mwininkhani amene dziko limamudziwa kuti Frodo poyamba ankatchedwa Bingo. Gawo loyamba la bukulo lidatuluka mu 1954, chiyambi chake chitasinthidwa kuti chigwirizane ndi nkhani imene idakula m'manja mwa mlembiyo.

Ngati ngakhale mutu wongoyembekezerawo ukukana, palibe lamulo lokakamiza kulemba motsata ndondomeko ya masamba. Mlembi angayambe ndi chochitika chimene akuchiona bwino m'maganizo, kaya ndi maliro a pakati pa buku kapena mlandu wa kwa mfumu wa kumapeto. Chochitika chimodzi chikalembedwa, apangankhani amayamba kulankhula ndi mawu awoawo, ndipo zoyenera kuchitika chisanafike chochitikacho zimaonekera.

Buku lonse likatha, m'pamene mlembi amabwerera kumutu woyamba ndi mafunso atatu. Kodi moyo wa mwininkhani ukusintha pa tsamba liti? Kodi n'chiyani chingasowe kutsogolo masamba oyambirira, tsambalo lisanafike, atachotsedwa? Kodi funso limene mutuwu ukudzutsa ndi lomwelo limene mathero akuyankha? Nthawi zambiri yankho limakhala kudula. Buku la William Golding, Lord of the Flies, la mu 1954, poyamba linali ndi chigawo chofotokoza nkhondo ya mabomba a nyukiliya ndi kusamutsidwa kwa ana pa ndege. Charles Monteith, mkonzi wa kukampani ya Faber and Faber, adalangiza kuti chichotsedwe, ndipo bukulo tsopano limayamba anyamatawo ali kale pachilumba.

Chomaliza ndi kuuyesa mutuwo pa anthu. Kuuwerenga mokweza kumaulula ziganizo zotalika mopitirira muyeso ndi mawu amene munthu weniweni sangalankhule. Kuupereka kwa anthu awiri kapena atatu osaopa kunena chilungamo kumathandiza koposa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Funso lowafunsa lisakhale lakuti kodi wakoma, chifukwa achibale ndi abwenzi amangovomera. Afunsidwe pamene adayamba kutopa, munthu amene adawagwira mtima, ndi chimene akuganiza kuti chichitika kutsogolo. Akayankha funso lomalizali mwachidwi, mutuwo wagwira ntchito yake.

Choncho mutu woyamba umalembedwa kawiri: koyamba kuti mlembi apeze polowera, kachiwiri kuti wowerenga apeze polowera. Amene akufuna kulemba buku asadikire chiganizo changwiro. Alembe chimene ali nacho lero, amalize bukulo, ndipo chiyambi chake adzachikonze atadziwa kale mathero.